Musanapereke galu wanu kwa ophunzitsa agalu a pa Facebook, onani izi kaye

Masiku ano kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje anthu ambiri ayamba kuweta agalu achizungu, ma German Shepherd, ma Boerboel, ma Rottweiler, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa, umbava. Munthu ali ndi nkhuku zake, mbuzi, nthochi ndi mapeyala kuseli kwa nyumba, njinga yamoto ya kabaza imagona pakhonde, kulemba mlonda ndi ndalama mwezi ndi mwezi, nde amaona kuti bola galu. Agalu akachuluka ophunzitsa agalu nawonso amachuluka, mukangotsegula Facebook kapena status ya WhatsApp mupeza wina akuti masabata awiri okha galu wanu akhala ngati wa apolisi, wina akuti anaphunzira ku Joni, wina akuti galanti 100%, galu aliyense vuto lililonse. Ena mwa anthu amenewa ntchito amaidziwadi ndipo ndimawalemekeza, koma ena angogula tcheni ndi chikwapu basi, ndipo amene amavutika pamapeto pake ndi galu komanso mwana wa neba amene adzalumidwe. Nde tiyeni tikambirane mmene mungasiyanitsire.

Tiyambe ndi vidiyo chifukwa ndi imene imatikoka tonse. Vidiyo ya masekondi 30 galu akukhala, akugona, akuthamangira munthu nkumuluma pamkono, nyimbo ikulira pamwamba, imakoma kuonera koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Funso loyamba ndi loti galu ali mu vidiyoyo ndi wa ndani. Nthawi zambiri amakhala galu wa mphunzitsiyo amene wakhala naye zaka, amagona naye pakhomo, amamudyetsa yekha tsiku ndi tsiku, nde zimenezo sizikukuuzani chilichonse za zomwe angachite ndi galu wanu pa masabata awiri. Pena vidiyoyo si yakenso, angoitenga pa TikTok, yang'anani bwinobwino nyumba zake, nambala za magalimoto, chinenero chimene anthu akuyankhula kumbuyoko. Mupempheni akutumizireni vidiyo yosadula ya galu wa kasitomala, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, komanso chingwe chili m'manja mwa mwini galu osati mwa iyeyo. Amene amagwiradi ntchito mavidiyo otere amakhala nawo mufoni mbwee.

Poonera musamayang'ane munthu, yang'anani galu. Tsitsani voliyumu muonere kachiwiri. Galu amene waphunzitsidwa bwino thupi lake limakhala lomasuka, amayang'ana munthuyo kumaso, akamva "khala" amakhala msangamsanga ngati akudikira chinthu chabwino. Galu amene wamvera chifukwa cha mantha amachita zomwezo koma mchira waupanira pakati pa miyendo, makutu agonera kumbuyo, amanyambita milomo pafupipafupi, amayasamula pamene sali ndi tulo, amagona pansi pang'onopang'ono mokwawa, ndipo dzanja la munthu likangokwera m'mwamba amatsinzina nkubweza mutu. Zizindikiro zimenezi munthu sangazibise ndi nyimbo. Ndipo pa mavidiyo oluma aja, kuluma chovala chochindikala cha pamkono si chinthu chovuta, agalu ambiri amitundu imeneyi amachita ngati masewera. Pofunika kuona ndi posiya. Kodi akauzidwa kamodzi kuti siya amasiya pompo nkubwerera kwa mwini wake, kapena mpaka amukoke ndi tcheni, amupotokole khutu, anthu awiri agwirane naye? Vidiyo ikathera pamene galu adakali wolumabe, dziwani kuti gawo lotsatiralo sanafune kuti mulione.

Chachiwiri pitani mukaone nokha, izi musanyengerere. Ambiri amene amatsatsa amakhala ku Blantyre kapena ku Limbe, nde kuchokera ku Bvumbwe, ku Thyolo boma, ku Luchenza olo ku Chitakale ndi ulendo wa minibasi wopita nkubwera tsiku lomwelo, thiransipoti imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama yomwe munagulira galu. Munthu akayamba zoti malo athu salola alendo, agalu amasokonezeka, ingotumizani dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba ndibwera kudzamutenga, pamenepo nkhani yatha, musapitirize. Mukafika gwiritsani ntchito mphuno ndi maso. Makola akununkha bwanji, muli madzi akumwa, muli mthunzi, galu angathe kuimirira nkutembenuka, agalu ena ali ndi nkhupakupa m'makutu, nthiti zikuwerengeka, pakhosi pali mabala a tcheni? Onaninso agaluwo mphunzitsi akayandikira khola, amabwera kutsogolo akugwedeza mchira kapena amathawira pakona.

Pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene chimandiuza zambiri. Kodi iyeyo wakufunsani khadi la katemera wa galu wanu? Ngati sanakufunseni inuyo ndiye kuti sanafunsenso eni agalu ena onse ali mmenemo. Matenda a parvo, aja kagalu kamasanza nkumatsegula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri, amafala kudzera m'ndowe, kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo tiagalu tosabaya katemera timafa m'masiku ochepa. Palinso chiwewe chimene kuno si nthano, nchifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu zikwizikwi ku Blantyre kuyambira 2015. Munthu wosunga agalu a anthu pamodzi osalabadira za katemera, olo atakhala ndi luso lotani, galu wanga sindingamusiye m'manja mwake.

Tsopano mafunso. Pali awiri amene ndimawakonda chifukwa munthu sangawazembe: galu wanga akachita bwino mupanga chiyani, nanga akalakwitsa mupanga chiyani? Mvetserani yankho lachiwirilo bwinobwino. Wodziwa ntchito amayankha mosabisa, mwina ati ndimamumana mphotho nkubwereza, ndimafewetsa zomwe ndikumupempha, ndimamutalikitsa ku chinthu chomwe chikumusokoneza kenako nkumayandikira pang'onopang'ono. Wina amayamba mawu akuluakulu, ndimamuwongola, ndimamuonetsa kuti bwana ndani, tili ndi njira zathu zachinsinsi. Mufunseni kuti kuwongolako kumachitika ndi chiyani, ndionetseni chidacho. Mupeza ndi paipi, chikwapu, tcheni chothina pakhosi, lamba wa mano achitsulo kapena lamba wa magetsi. Lamba wa magetsiyu ku Wales analetsedwa ndi lamulo mu 2010, nde wina asakuuzeni kuti ndi chipangizo chamakono chimene azungu onse amagwiritsa ntchito.

Mumvanso kwambiri mawu oti alpha, kuti galu amafuna kulanda ufumu pakhomo ndiye uyenera kumugwetsa chagada nkumupanikiza mpaka agonje. Maganizo amenewa anachokera pa kafukufuku wa Rudolph Schenkel wa 1947, amene ankaonera mimbulu yosachokera banja limodzi itatsekeredwa pamodzi kumalo osungira nyama ku Basel, Switzerland, nde inkamenyana. Katswiri wina wa mimbulu, David Mech, amene anafalitsa kwambiri nkhaniyi mu 1970 ndi yemwenso anadzalemba mu 1999, ataonera mimbulu yakutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, bambo, mayi ndi ana, ndipo otsogolera ndi makolo. Mwini wake anasintha maganizo kalekale koma otsatsa malonda akugulitsabe zakalezo.

Ndikudziwa kuti ena muti aaa ife galu timamenya kuyambira kale ndipo amamva. Zoona amasiya zomwe amachitazo pa nthawi imeneyo, koma mtengo wake ulipo. Ku University of Pennsylvania mu 2009 anafunsa eni agalu amene anabwera ndi agalu ovuta, ndipo mwa amene anamenya kapena kuponda galu, 43 pa 100 aliwonse anati galuyo anabwezera ukali. Ku Porto, Portugal, kafukufuku wa 2020 pa agalu 92 anapeza kuti ophunzitsidwa ndi zilango amaonetsa zizindikiro zambiri za mantha ndipo m'malovu mwao munali cortisol wochuluka, amene amakwera thupi likapanikizika. Bungwe la madokotala a ziweto oona za khalidwe la nyama ku America, AVSAB, mu 2021 linanena poyera kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphotho. Mphothoyo kwa ife si chinthu chodula ayi, ndi usipa, bonya, tizidutswa ta chiwindi chophika, mpira, kumusisita. Chofunika ndi choti ifike pakamwa pa sekondi imodzi kapena awiri galu atachita chinthucho, nde mukamaonera mphunzitsi onani liwiro la dzanja lake pamenepo, luso limaonekera pompo.

Ndiye pali zija timamva m'midzimu, kuti galu kuti alusa umupatse chamba, umuthirire tsabola wa kambuzi mu nsima, umutsekere mu mdima masana onse asaone munthu. Mphunzitsi akangotchula chimodzi mwa izi nyamukani. Chamba kwa galu ndi poizoni, amadzandira, amakodza osadziwa, pena amakomoka. Tsabola amangomuotcha m'mimba. Kutsekera mu mdima kumapanga galu woopa chilichonse, ndipo galu wamantha sasiyanitsa wakuba ndi mlamu wanu amene wabwera kudzacheza. Ndinaonapo galu wa m'bale wanga wina atabwerako kwa munthu wotere, anapita ali kagalu kosewera ndi ana, anabwera ataonda, pakhosi ubweya utasosoka mozungulira, munthu ukawerama kuti utole tsache iye mkodzo pansi, ndipo mbale yake ya chakudya panalibenso amene akanayandikira osaonetsedwa mano. Mpaka lero alendo akabwera amamutsekera. Ndalama zinapita, ndipo galu amene anali bwinobwino anawonongeka, zimandiwawa ndikamakumbukira.

Apa ndi pamene muyenera kudzifunsa nokha chimene mukufuna. Kuno kwathu malo ndi ochepa, nyumba ndi zothinana, njira za anthu opita kothyola tiyi mmamawa zimadutsa m'mbali mwa makomo, ana a sukulu amadulira pakhomo panu, amayi amabwera kudzapempha moto kapena kudzagula masamba. Ambiri a ife chimene tikusowa ndi galu wouwa mwamphamvu usiku kuti tidzuke komanso wakuba aganize kawiri, koma womva akaitanidwa. Galu wophunzitsidwa kuluma munthu ndi udindo wina waukulu, amafuna mpanda wolimba, geti lotseka, ndi mwini amene azibwereza maphunzirowo moyo wake wonse, ndipo akaluma mwana wa eni mlandu ndi wanu, mphunzitsi uja sadzapezeka kwa amfumu kapena ku polisi. Mphunzitsi wabwino amayamba wakufunsani inuyo: pakhomo pali ana angati, mpanda ulipo, galu amagona pati, amadya chiyani, analumapo munthu, mukufuna azichita chiyani kwenikweni. Pena amakukanirani ndithu kuti galu uyu mtima wake si woyenera ntchito yoluma. Amene akuvomera galu aliyense asanamuone nkomwe akufuna ndalama yanu basi.

Za masabata awiri zija. Pa masabata awiri galu angaphunzire kukhala, kugona, kuyamba kuyenda pa chingwe osakoka, zimenezo nzotheka. Koma agalu a ntchito enieni, a apolisi ndi ofufuza katundu, amachita kusankhidwa kaye pakati pa ambiri kenako amaphunzira miyezi, ndipo womugwira amaphunzira naye limodzi. Komanso galu kuyambira miyezi 6 mpaka chaka ndi theka amakhala pa msinkhu wovuta, zimene ankamva amachita ngati waiwala, nde maphunziro amafuna kubwereza. Galanti ya 100% nayonso ndi chizindikiro choipa, chifukwa khalidwe la galu limadalira mtundu wake, mmene anakulira, thanzi lake ndi zomwe inu muzichita kunyumba, zinthu zomwe mphunzitsi sangazilamulire. Bungwe la CCPDT la ku America limene limapereka masatifiketi kwa ophunzitsa agalu limaletsa anthu ake kulonjeza zotsatira motsimikiza. Chimene munthu woona mtima angalonjeze ndi choti zikavuta ndibweranso tidzagwire limodzi.

Pa masatifiketi sindichedwapo. Ngakhale ku America ndi ku UK munthu aliyense angathe kudzitcha wophunzitsa agalu popanda mayeso, ndipo pepala lokongola aliyense angalipulinte pa Luchenza pomwepa. Funsani dzina la sukulu, chaka, anaphunzira nthawi yaitali bwanji, anagwira agalu enieni kapena anangoonera pa intaneti. Akatchula zilembo ngati CPDT-KA, imeneyo ndi satifiketi ya bungwe la CCPDT lija, imafuna maola 300 a ntchito ndi mayeso, ndipo mayina a amene anakhoza amapezeka pa intaneti, mutha kufufuza pafoni. Akati ndinagwira ku kampani ya security, funsani kuti ankaphunzitsa agalu kapena ankangoyenda nawo usiku, ndi ntchito ziwiri zosiyana. Koma ndinenenso kuti alipo anthu opanda pepala lililonse amene ali ndi dzanja labwino pa agalu, nde kusowa satifiketi si mlandu, bodza ndiye mlandu. Mukamugwira bodza pa pepala musayembekeze chilungamo pa galu wanu ali kuseli kwa mpanda inu kulibe.

Makomenti oyamikira pa Facebook musawawerengere kwambiri, achibale ndi anzake amalemba, oipa amafufutidwa. Pemphani manambala a makasitomala awiri kapena atatu amene agalu awo anamaliza miyezi ingapo yapitayo, osati sabata yatha, muwaimbire. Afunseni ngati galu akumvabe mpaka pano, ngati amamvera amayi ndi ana kapena abambo okha, ngati anabwera wonenepa kapena woonda, ngati mphunzitsi amayankha foni ndalama atalandira kale. Funsaninso alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena madokotala a ziweto ku Blantyre, monga a BSPCA, chifukwa agalu ovulala ndi odwala amathera kwa iwowo ndipo amamva zambiri.

Chinthu chimene anthu ambiri sauzidwa ndi choti galu amalumikiza zomwe waphunzira ndi malo komanso munthu. Angamve bwino pabwalo la ku Limbe kwa munthu amene amamudyetsa, nkufika ku Thunga kapena ku Limbuli kuli nkhuku zikuthamanga ndi ana akukuwa nkukhala ngati sanaphunzirepo. Sikuti wapusa, ndi mmene agalu alili. Nde funsani kuti ine ndiphunzitsidwa liti, ndipo ndi maulendo angati amene mubwere kunyumba kwanga. Pulogalamu yopanda gawo la mwini galu ndi theka la ntchito. Kwa ine njira yabwino kuposa zonse ndi yoti galu akhale pakhomo panu, mphunzitsi azibwera kapena inu muzipita naye, zonse zizichitika inu mukuona, kenako inu muzibwereza mphindi zisanu mmawa zisanu madzulo. Amene amadyetsa galu tsiku ndi tsiku, kaya ndi amayi, mwana wamkulu kapena wantchito, akhalepo ndithu. Ndipo musalole kuti akuuzeni kuti galu amamva Chizungu chokha, galu amagwira kamvekedwe ka mawu ndi zizindikiro za manja, khala, gona, bwera, siya zimagwira ntchito, olo mu Chilomwe, bola banja lonse lizigwiritsa ntchito mawu amodzimodzi. Chimodzimodzi zoti galu wachikuda saphunzitsika, muyenera kugula wachizungu kwa iyeyo, bodza limenelo. Agalu athuwa ndi ochenjera, amapirira nyengo yathu, ndipo pouwa usiku palibe amene amawaposa.

Ngati galu wanu adakali kamwana, nthawi yofunika kwambiri ndi kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12 kapena 14, pamene kamazolowera anthu, ana, nkhuku, mbuzi, phokoso la njinga yamoto. Kasachoke kwa mayi ake kasanakwane masabata 8. Mphunzitsi amene akuti kabiseni kasaone anthu kuti kadzakhale kolusa akukuuzani zosemphana ndi zomwe kagaluko kakufunika. Ndipo ngati vuto ndi loti galu wamkulu amene anali wofatsa wayamba mwadzidzidzi kuluma kapena kulusa, musayambire kwa mphunzitsi, yambani kwa dokotala wa ziweto, mwina ndi ululu wa khutu, dzino kapena chiuno, ndipo kusintha khalidwe mwadzidzidzi ndi chimodzi mwa zizindikiro za chiwewe. Mphunzitsi wanzeru amakutumizani yekha kumeneko. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuona ngati galuyo adwale.

Mukakhutira ndipo mwaganiza zomusiya galu kumeneko, lembani mgwirizano olo papepala la mu kope, nonse musaine. Mulembe zomwe galu azidzachita pomaliza, masiku ake, chakudya agula ndani, akadwala alipira ndani, akafa kapena kusowa zikhala bwanji, komanso kuti simulola kumenya, lamba wa magetsi, kumumana chakudya kapena kumukweretsa kwa agalu ena, chifukwa galu wamtundu wabwino ena amapezerapo mwayi wobereketsa mwini osadziwa. Jambulani galu wanu mbali zonse tsiku lomusiya, pakhosi ndi nthiti zioneke. Ndalama musapereke yonse poyamba, gawani, yomaliza mudzapereke galu atachita zomwe munagwirizanazo pakhomo panu chingwe chili m'manja mwanu. Mulembenso kuti muli ndi ufulu wobwera kudzamuona tsiku lililonse osapangana, ndipo sabata yoyamba pitanidi. Mukapeza waonda, ali ndi mabala, akutsimphina kapena akuthawa dzanja la munthu, mutengeni tsiku lomwelo olo dipoziti itsale komweko, ndipo mudutse naye kwa dokotala wa ziweto musanafike kunyumba.